Mfuti Imagona Panja

Lolemba, 15 Seputembala

Tafika. Duane wa ndege watitsitsa pa mchenga wa kumtunda kwa mtsinje, kuponya zikwama ngati nkhuni, ndiye ulendo. Akuti adzatitenga Lachisanu. Kanyumba ka malemu amuna anga a Titus kali momwemo, kungoti agologolo adya bulangete limodzi. Chitseko chikukanabe kutsekeka. Zaka makumi atatu akuti ndikonza mawa, mpaka kufa osakonza.

Kope ili anandipatsa anamwino kuti ndizilembamo za magazi. Magazi ali bwino. Ndilembamo zanga, chifukwa kuno pakamwa pamafunika loko. M'phiri sutchula chimene wadzera, nyama imamva. Ife timati injii, zosachitika, zosanenedwa. Ine mkazi wapakamwa, masiku asanu chete? Bola pepala silifuula.

Sadaka ya a Titus idzathera pa 4 Okutobala. Manda anakumba ndi Gilbert, msuweni wanga. Masiku atatu, nthaka itauma gwa ndi chisanu. Kuyatsa moto, kukumba pang'ono, kuyatsanso. Wokumba manda amapatsidwa mfuti pamaso pa mudzi wonse. Ikakhala yabwino, maliro atha, ine ndivula zakuda. Ikakhala yachabe, ndanyoza Gilbert ndi malemu omwe, ndipo anthu adzaikamba nkhaniyo mpaka pa sadaka yanga.

Ndinatuma Jolene, mwana wa mwana wanga, kuti akagule kutauni ku Fairbanks mfuti ya munthu wamkulu. Wabwera ndi tsache. Ukainyamula umachita kuyang'ana ngati wagwiradi kanthu. Thako lake si la mtengo, akuti ndi kaboni. Ndinati, makala? Mfuti ya makala? Mpope wake wowonda ngati chala changa. Iye akuti, "Agogo, za masiku ano ndi zimenezi, mapaundi asanu ndi theka basi." Ndinati inde, amuna a masiku anonso ndi opepuka chomwecho, n'chifukwa chake wako anauluka.

Sanaseke. Mwina ndinapitiriza.

Ndanenetsa kuti sindipereka chinthu chimene sindinachione chikugwira ntchito. Ndiye tabwera nayo kuno kuphiri, ine ndi Jolene. Ikachita bwino, pa sadaka padzakhalanso nthiti za nkhosa ya m'phiri, zimene mwini sadakayo ankazikonda. Ndalemba, sindinanene.

Lachiwiri, 16 Seputembala

Dzuwa lonse. Tsiku loyesa.

Jolene anaika katoni pa mayadi zana. Ali ndi kachida kounikira, kamamuuza kutalika kwa malo. Ife kale tinkagwiritsa maso, ndipo maso safuna batire.

Zipolopolo zitatu zoyamba zinalowa pamodzi, n'kuphimba zonse ndi chivindikiro cha botolo. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Chachinayi chinakwera m'mwamba. Chachisanu chinapita kukacheza kwa achibale. Mpope wowonda umatentha msanga, ukatentha umayamba bodza. Iye akuti m'phiri chimodzi chimakwana. Ndinati uwauze zimenezo a chimbalangondo.

Kukankha kwake! Kanthu kopepuka kalibe pobisa mkwiyo, wonse umathera pa phewa. Galasi loonera la pamwamba pake linangotsala pang'ono kumutema pa nsidze. Mfuti ya a Titus inali mapaundi khumi, ikalira inkangokugwedeza ngati mnzako akukupatsa moni. Inalowa nawo m'bokosi monga anafunira, ndiye palibe chofanizira koma kukumbuka.

Chimodzi ndivomere. Mpiringidzo wake, chitsulo chija umakoka ndi kukankha polowetsa chipolopolo, ndi wofewa ngati kabati ya kuchipatala. Chokhethemulira nachonso, kungochiganizira chalira kale.

Kenako mwanayo anawononga tsiku. Waima, kuloza phiri, mokweza: "Pa mayadi mazana asanu ndi limodzi, nkhosa ndi yanga!" Ndinalavula pansi. Ndinati iwe, amako anakulerera m'sitolo? Phiri lonse lamva. Akuti, "Agogo, nkhosa sizimva Chingerezi." Ndinati zimamva chipongwe.

Anati ndiyeseko. Ndinakana. Zaka khumi ndi chimodzi sindinadutse mtengo wa msondodzi womaliza kumtundaku. Phewa linakana kunyamula, mawondo n'kuvomereza. Anthu ankati a Titus ndi katswiri wa mfuti. Amene ankaombera pa awirife sanafunsepo, ine sindinawauze.

Madzulo anaipukuta, kuithira oyilo paliponse mpaka m'kati mwa mpiringidzo, kuti mphatso isachite dzimbiri. Kenako kuilowetsa m'nyumba, kuikoloweka pafupi ndi mbaula ngati khanda.

Mwana aliyense wokulira kwathu amadziwa. Mfuti ikachoka kozizira n'kulowa kotentha imachita thukuta m'kati. Ukatuluka nayo m'chisanu, thukutalo ndi oyilo uja zimaundana, kamsomali komenya chipolopolo kamagwidwa. Mfuti imagona panja, youma. Jolene anakulira m'tauni.

Ndinatsegula pakamwa. Ndinatsekanso. Kunja sikunazizire kwenikweni, ndinadziuza choncho.

Lachitatu, 17 Seputembala

Nkhungu. Ngakhale chimbudzi sichikuoneka. Mvula yowaza mpaka masana, kenako yasanduka chipale, madzi oundana ogwa ngati ufa.

Tiyi, mabisiketi olimba, nsomba youma. Makadi. Jolene amabera ngati agogo ake aamuna.

Lachinayi, 18 Seputembala

Chipale chafika m'mawondo. Mphepo ikulowera pa chitseko chija.

Kanyumba aka ndi mapazi khumi ndi awiri uku, khumi uku. Ndawerenga matabwa a denga kanayi. Alipo makumi awiri ndi mphambu zitatu, limodzi lili ndi mfundo yooneka ngati mphuno ya abusa.

Kapu ya a Titus ili pa msomali wake. Jolene anafuna kumweramo, ndinamulanda. Kenako ndinaigwira osadziwa choti ndichite nayo. Chaka chathunthu ndili chonchi. Osavina, osaimba, tsitsi lodula, zovala zakuda ngati khwangwala. Ndikadzuka, iwo. Ndikamasenda mbatata, iwo. Munthu ankanditopetsa ali moyo, akunditopetsabe.

Mwanayo watsitsanso mfuti, kuitulutsa panja kukayang'anira m'galasi ngati kukuyera, kuilowetsanso, kuipukuta pamwamba. Kawiri konse. Madontho ndinawaona pa chitsulo ndi maso angawa. Akuti, "A Gilbert adzailandira ngati yochokera m'bokosi." Ndinati Gilbert amadziwa mfuti, adzaiona ngati chidole. Anati, "Mwaiweruza kale, ndiye tinabwereranji?"

Ndinasonkheza moto.

Lachisanu, 19 Seputembala

Ndege kulibe. Uthenga wa Duane wabwera pa kafoni kolemberana ka Jolene. Mchenga wotererapo wakwiririka, pampata pali mphepo yoti ingagwetse nyumba. Mwina Lachiwiri. "Mwina" wa azungu ndi wautali.

Mpunga ulipo wa sabata tikamadya mwaulemu. Shuga watha. Nkhuni zouma zili kutali.

Masana kunayera mbee, ndipo chisanu chinatsika chenicheni, choluma m'mphuno. Madzi a m'ndowa aundana pakhomo pomwe. Ndinatenga magalasi oonera patali. Pansi pa thanthwe lakuda, timadontho titatu toyera kuposa chipale. Kamodzi kolemera mutu. Ndinangomugwira mwanayo pa mkono n'kuloza ndi mlomo. Nthawi ino wakhala chete. Akuphunzira.

Akuti mawa m'mamawa akungokayendayenda. Wanena bwino.

Mfuti ili pafupi ndi mbaula. Ndaiyang'ana nthawi yaitali.

Loweruka, 20 Seputembala

Ananyamuka kusanache bwino. Ndinamumatira tepi pakamwa pa mpope kuti chipale chisalowe. Zimenezo ndinachita. Onani ubwino wanga.

Tsiku lonse khutu lili kuphiri. Zii.

Dzuwa litapendeka ndinamuona pa msondodzi, akubwera ndi matako, mwendo umodzi uli m'mwamba, mfuti itakoledwa kumsana. Ndinathamanga, ngati kumeneko n'kuthamanga.

Akuti anakwawa maola anayi mpaka kuifika pa mayadi mazana awiri. Yamphongo, nyanga zozungulira mpaka m'maso, itagona chammbali. Anaika mfuti pa chikwama, kupuma, kukhethemula. Tche. Mpiringidzo wolimba, anachita kuumenya ndi chikhatho. Chipolopolo china. Tche. Chachitatu nyamayo inadzuka, kumuyang'ana, n'kumapita osathamanga n'komwe. Potsika misozi inali m'maso, sanaone mwala wa madzi oundana.

Phazi latupa pa kakolo. Zala zikugwedezeka, mwina silinathyoke. Ndamanga ndi mpango ndi timitengo tiwiri.

Akuti, "Munanena zoona, agogo. Ndakugulirani zinyalala. Ndikanakuchititsani manyazi pamaso pa anthu onse." Akulira ngati kamwana, mayi wa zaka makumi atatu.

Ndapambana. Kuwawa kwake ngati ndulu.

Lamulungu, 21 Seputembala

Phazi lakwera ngati ufa wa buledi, lofiirira mpaka kuzala. Duane akuti sangatere, ndege yopulumutsa anthu ndi ya amene akufa, phazi lidikire.

Ndilembe pano poti pepala silinditukwana. Ndinkafuna ilephere. Ndinkafuna ndidzanene kuti onani, palibe mfuti yolowa m'malo mwa ija, palibe. Mwana wa mwana wanga akanagwera kuphompho chifukwa nkhalamba inafuna kupambana mkangano ndi chitsulo.

Titamwa tiyi ndinati ndipatse kuno. Ndinasolola mpiringidzo, kuumasula. Wa masiku ano umamasuka ndi manja okha, osafuna ndalama yachitsulo yopotokolera ngati wakale uja. Chabwino china chimenecho. M'kati muli phala, oyilo wosakanikirana ndi madzi. Ndinatsuka zonse m'petulo wa mbaula yaing'ono, kupukuta ndi malaya akale a a Titus, kuumitsa mpaka chitsulo chikulira m'manja. Osathira kanthu. Ndinabwezera, n'kukaikoloweka panja pa misomali iwiri ya pansi pa denga.

Jolene ankandiyang'ana ali pa bedi. Anafunsa, "Misomali imeneyo ndi ya chimenecho?" Ndinati inde. "Kuyambira liti?" Ndinati amako asanabadwe.

Kenako anati, "Agogo, inu mumalankhula ngakhale muli m'tulo. Mumatukwana wailesi. Apa pokha ndi pamene munasankha kusunga pakamwa?"

Ndinatola malaya aja n'kuyamba kupukuta tebulo.

Lolemba, 22 Seputembala

Sakundilankhula. Akamafuna madzi amaloza ndowa. Mapazi khumi ndi awiri uku, khumi uku, anthu awiri ndi chete mmodzi wamkulu wotenga malo onse.

M'mawa chisanu choopsa kuposa dzana. Ndinaitsitsa pa misomali, yozizira yomata zala. Ndinaloza chitsa kutsidya kwa mtsinje. Inalira koyamba komwe. Phewa langa lamva, mano atatu amene ndatsala nawo amvanso. Chitsa chinang'ambika pamene ndinaloza.

Ndinalowa n'kunena kuti si zinyalala. Anatembenukira kukhoma.

Ndakazinga buledi ndi ufa womaliza, ndamupatsa wamkulu. Anadya. Kudya si kukhululuka, koma anadya.

Chitsa sichipuma, sichimva fungo, sichikhala pamwamba pa phiri. Kuphulitsa chitsa si kuyesa mfuti. Gilbert ndikamupatsa adzafunsa kuti yadyapo? Ndidzati yadya chitsa?

Lachitatu, 24 Seputembala

Dzulo sindinalembe, tsiku lonse ndinali kuphiri.

Ndege sinabwerenso. Ndinaika nkhuni ndi madzi pafupi ndi bedi lake, ndinatenga chiphaso changa chosakira cha okalamba, mpeni, chikwama, ndodo. Ndinati ndikungokaona nyengo. Apo ndiye analankhula: "Ndi mawondo amenewo?" Ndinati ndi omwe ndili nawo. Anandiponyera kachida kake koyezera kutalika, osandiyang'ana.

Chipale chikagwa chambiri nkhosa zimatsikira pa dothi la mchere, kuseri kwa kaphiri koyamba. A Titus ndi ine tokha tinkadziwa. Kale linali ola limodzi. Dzulo anayi. Mapazi makumi awiri, kupuma. Makumi awiri, kupuma.

Ndinadutsa msondodzi womaliza osazindikira. Nditacheuka unali pansi panga, kanyumba kakuoneka ngati bokosi la machesi, utsi uli njo. Ndinapapasa kumsana kuti mwina mfuti ndaigwetsa. Inalipo. Phewa lili phee. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkati ukalamba ndiwo wanditsekera pansi, kani anali mapaundi anayi ndi theka achitsulo ndi mtengo.

Zinalipo zisanu. Yaikulu ija panalibe, panali ina yocheperapo, yonenepa bwino. Kachida kanati mayadi mazana atatu ndi khumi, kenako batire inafa ndi chisanu. Kuyandikira kunalibe, pakati ndi poyera.

Apa ndiye ndinaona choipa chake chenicheni. Kanthu kopepuka kamamvera chilichonse. Mtima ukagunda, kamavina. Mphepo ikapuma, kamavina. Yolemera ija inkagona pamwala ngati ng'ombe, iyi ngati mbalame yogwidwa m'manja. Mazana asanu ndi limodzi a Jolene aja ndi a pa tebulo, kopanda mphepo, munthu atadya bwino. Ndinagona chafufumimba, kuika pa chikwama, kupinda chipewa pansi pa thako lake, kuikanikiza ndi tsaya. Kudikira mtima ukhale pansi. Ndinadikira mpaka mimba inachita dzanzi ndi chipale. Mphepo inkachokera kumanzere, ndinaipatsa gawo lake.

Chimodzi.

Ndinaithokoza monong'ona monga amayi anandiphunzitsira. Ndinatumbula, kusenda mbali imodzi, kufunditsa zotsala ndi chikopa ndi miyala. Ndinanyamula chiwindi, mafuta ndi nthiti zochepa. Potsika ndinatsetsereka ndi matako nanenso, ndi za kumtundu.

Ndinalowa dzuwa litangobisala. Ndinati kumtundaku kuli ntchito ya mpeni. Anayang'ana chikwama, kuyang'ana ine, akuti, "Nsidze yanu ikutuluka magazi." Galasi lija linanditema, ine osamva. Anandisambitsa pabala ndi madzi ofunda, mwankhanza pang'ono. Ndinamulola.

Tinawotcha chiwindi. Pakati pa kudya anafunsa, "Nyama zonse zija ankabwera nazo agogo aamuna, ankaombera ndani?" Ndinati idya, chikuzizira.

Chinthu china. Ndazindikira lero m'mawa. Kuchokera pa msondodzi mpaka kubwerera, sindinawaganizire a Titus ngakhale kamodzi. Tsiku lathunthu. Sindikudziwa ngati ndilire kapena ndipepese.

Lachisanu, 26 Seputembala

Kunafunda, chipale cha pa mchenga chasungunuka. Duane watera. Anakwera yekha kukatenga nyama, maulendo awiri, akhwangwala anali atangoyambako pang'ono. Anaona nsidze yanga ndi phazi la Jolene, akuti, "Munamenyana?" Tonse tinati inde.

Kuchipatala akuti fupa lang'aluka pang'ono. Masabata asanu ndi limodzi pa ndodo. Ameneyo ndi mlandu wanga, sutha ndi chiwindi.

Pa mfuti, chiweruzo changa nachi. Imakankha ngati mwana wopanda mwambo. Ikatentha imanama. Imanjenjemera ngati suigwira bwino. Koma choyamba chimapita kumene wachituma, ndipo imakwera phiri ndi nkhalamba. Gilbert anasiya kukwera chichitireni opaleshoni ya mtima. Ndi iyi angakwere. Ndi yoyenera kupereka.

Ndalemba zimenezo, ndiye bwanji ndaiika pansi pa bedi langa m'malo moipititsa kumene kuli mabulangete ndi mphatso zina?

Loweruka, 4 Okutobala

M'holo. Ndikulemba pa bondo, anthu akuganiza kuti ndikuona mayina a olandira.

Tsiku lachitatu la sadaka. Anthu ochokera midzi isanu. Msuzi wa nthiti unatha anthu akunyambita mbale, nkhalamba ina inalira poulawa. Nyimbo ya a Titus yaimbidwa, ndalira zokwanira. Mabulangete aunjikidwa pakati, mfuti zapachikidwa pa chingwe, zakale za matako a mtengo zisanu za othandiza pa maliro, ndi yakuda ija pakati, atamangirira nsalu yofiira.

Gilbert anadutsa pafupi m'mawa, akuti, "Msuweni, ndamva mwandigulira ndodo yoyendera." Ndinati ndodo yomwe ikukuposa nzeru. Anaseka, koma maso ake anali pa chingwe. Ndamuona akuiyang'ana katatu. Wavala malaya atsopano.

Mpiringidzo uli m'thumba la epuloni yanga. Ndinausolola mbandakucha pamene ankapachika. Sindinaganize, dzanja linangochita. Popanda umenewu, chimene chili pa chingwecho ndi tsache ndithu.

Ndikaupereka, zatha. A Titus apita kwawo bwinobwino, ine ndivula zakuda, mawa ndi tsiku wamba. Ndipo phiri lapitanso, chifukwa mphatso ya pa sadaka subwereka, sufunsa n'komwe kuti ili bwanji. Ina yotere sindidzaigula. Ndangolipeza phirilo sabata yathayi. Ndikausunga, Gilbert alandira chitsulo chakufa pamaso pa midzi isanu, munthu amene anakumba masiku atatu manja akutuluka magazi.

Jolene anabwera ndi ndodo zake, anayang'ana pa chingwe, anayang'ana epuloni yanga yolemera mbali imodzi. Wakhala pafupi nane.

Ng'oma zaleka. Mabulangete agawidwa. Gilbert wavula chipewa, waima pakati. Aitana dzina langa, tsopano kachiwiri. Pali mayadi khumi okha, ndipo ine wokwera phiri uja ndidakali pa mpando.

Jolene watambasula dzanja. Sindikudziwa ngati akufuna kundidzutsa kapena akufuna chitsulocho.